DOTOLO ROBERT LAWS NDI SUKULU YA ANA AANG'ONO

Pamene anzathu osonkhanitsa nkhani za m'magazini ino anandipempha kuti ndilembe mbiri ya munthu womveka amene anakhalapo m'boma lathu lino la Rumphi, ine sindinachedwe kusankha. Ndinasankha Dotolo Robert Laws, amene anakhazika Mishoni ya Livingstonia pamwamba pa phiri la Khondowe. Dzina limeneli tonse timalidziwa, pakuti limatuluka m'mayeso a History, ndipo ena a ife tikhoza kutchula zaka zake ngakhale atatidzutsa pakati pa usiku. Koma ndisananene za iwo ndiyenera kuulula kanthu kamene kanandichititsa manyazi, chifukwa ndi komweko kamene kanandituma kukafunafuna mbiri imeneyi.

Pa tchuthi cha Khirisimasi amayi anandiuza kuti ndizithandiza mlongo wanga wamng'ono amene ali mu Sitandade 2, pakuti anali asanathe kuwerenga, ndipo masamu ankamuvuta. Ine ndinavomera monyada, poyesa kuti kwa mnyamata wa Fomu 3, wodziwa algebra, ntchito yotere inali ya masiku awiri basi. Tinakhala patsinde pa mtengo wa mango, iye ndi kope lake, ine ndi rula m'manja. Koma mwanayo ankasokoneza b ndi d, pofuna kulemba 6 ankalemba 9, ndipo pophatikiza 17 ndi 5 ankapeza 112, chifukwa 12 yense ankamulemba pambali pa 1. Tsiku lachitatu ndinapsa mtima, ndinamunena kuti ndi mbuli, ndi kumumenya ndi rula pa zala. Iye analira nathawira kuseri kwa nkhokwe, ndipo kuyambira pomwepo akandiona ndanyamula buku ankabisala.

Agogo anga aakazi anaona zonsezi ali pakhonde akutong'ola chimanga. Madzulo anandiitana, nandiuza mofatsa kuti bambo awo owabereka anali mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzi, wophunzitsidwa ku Khondowe m'zaka zotsiriza za Dotolo Laws, ndi kuti pa moyo wawo anaphunzitsa kuwerenga ana osawerengeka, ena a iwo ouma mitu koposa mlongo wangayo. Anatsiriza ndi kunena kuti ine sukulu ndapita nayo patali ndithu, koma chinthu chimene bambo awo anakatenga ku Khondowe ndinali ndisanachipeze. Mawu amenewa anandilasa mtima, ndipo ndinabwera nawo kuno kusukulu.

Teremu itayamba, kalabu yathu ya History inapita ku Livingstonia. Tinakwera msewu wa Gorodi kuchokera ku Chitimba, tikuwerenga makhota ake 20 mitima ili m'mwamba. Tinaona tchalitchi chachikulu, tinaona mathithi a Manchewe, tinalowanso m'nyumba ya miyala yotchedwa Stone House, m'mene a Laws ankakhala, ndipo tsopano amasungamo zinthu zakale. Anzanga anazizwa ndi kukula kwa zomangazo. Koma ine ndinkayenda ndi funso langa lomwe lija: kodi chinthu chimene aphunzitsi akale ankadzatenga pamalo pano n'chiyani? Zimene ndinamva kumeneko, ndi zimene ndawerenga pambuyo pake, ndizo ndikulemba pano.

Mwana wa mmisiri

Robert Laws anabadwa pa 28 Meyi 1851 mu mzinda wa Aberdeen ku Scotland. Bambo ake anali mmisiri wa matabwa, wopanga makabati ndi mipando, ndipo mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka ziwiri zokha. Banjalo silinali lolemera. Akali wamng'ono Robert analowa ntchito yophunzira umisiri womwewo wa bambo ake, kotero kuti usana ankapala matabwa, ndipo usiku ankapita kusukulu ya madzulo kuti akonzekere maphunziro apamwamba. M'masiku omwewo anawerenga za maulendo a David Livingstone, nayamba kulakalaka kudzagwira ntchito pakati pa Amakololo amene Livingstone ankawanena.

Ndi khama lotere analowa pa Yunivesite ya Aberdeen, naphunzira udotolo, naphunziranso za ubusa. Kwa kanthawi anatumikira ku Glasgow pakati pa anthu odwala nthomba, amene ambiri ankaopa kuwayandikira. Tisaiwale tsono kuti munthu amene anadzatchuka ndi maphunziro akuya anayamba ndi rula ndi sowo. Mmisiri wa matabwa amadziwa kuti akalakwa kuyesa ndi theka la inchi chitseko sichitsekeka, ndipo thabwa lodulidwa molakwa silibwereranso. Ine ndiyesa kuti masamu a Laws oyamba anali amenewa, masamu ogwira ndi manja, ndipo sanawaleke moyo wawo wonse.

Ulendo wa kunyanja

Livingstone anamwalira m'chaka cha 1873, ndipo Akhristu a ku Scotland anagwirizana zokhazika mishoni pa nyanja yathu kuti ikhale chikumbutso chake. Ndiko kunachokera dzina lakuti Livingstonia. Ulendowo anautsogolera E. D. Young, ndipo a Laws, amene anali ndi zaka 24, anali dotolo ndi mbusa wa gululo. Ananyamuka ku London m'mwezi wa Meyi 1875, atatenga sitima yaing'ono yotchedwa Ilala. Atafika pa mathithi a mtsinje wa Shire anaimasula zidutswazidutswa, ndipo anthu akuda mazana ambiri anasenza zidutswazo pamutu mtunda wa mamailo pafupifupi 60, osataya ngakhale chimodzi. Anailumikizanso kumtunda kwa mathithiwo, ndipo pa 12 Okutobala 1875 Ilala inalowa m'nyanja. Anamanga misasa yawo ku Cape Maclear, m'boma limene lero timati Mangochi.

Kumeneko a Laws anachita zambiri. M'chaka cha 1876 anachita opareshoni atagoneka wodwala ndi mankhwala otchedwa chloroform, chinthu chimene anthu a kumeneko anali asanachionepo. Koma chimene ine ndachita nacho chidwi koposa ndi kasukulu kamene kanayamba pamalopo. Ana oyamba anali opulumuka ku ukapolo, pamodzi ndi ana a mafumu a Amakololo ochokera ku Shire. Mabuku a Chinyanja ophunzitsira ana amenewa panalibe. Kotero dotolo wa madigiri uja anayenera kuyamba wasanduka mwana wa sukulu iye mwini: kumvetsera anthu polankhula, kufunsa dzina la chinthu chilichonse, kulemba mawu m'kabuku, kulakwa, kusekedwa, ndi kufunsanso. Zipatso za kudzichepetsa kumeneko zinaoneka patapita zaka, pamene Chipangano Chatsopano chimene anamasulira m'Chinyanja chinatuluka mu 1886, ndi buku lawo lomasulira mawu a Chingerezi m'Chinyanja mu 1894.

Sanali okha pa ntchito ya sukulu. Mu 1876 Dotolo James Stewart anabwera ndi anyamata anayi a mtundu wa Axhosa ochokera kusukulu ya Lovedale ku South Africa, ndiwo William Koyi, Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope ndi Mapassa Ntintili. Mwa amenewa Shadrach Mngunana ndiye anagwira sukulu ya ana, koma anamwalira mu 1877 akali mnyamata. Tizikumbukira tsono kuti mmodzi wa aphunzitsi oyambirira a mishoni imeneyi anali munthu wakuda ngati ife. Mu 1879 a Laws anakwatira Margaret Gray ku Blantyre, mayi amene anadziwana naye kuyambira ubwana ku Aberdeen, ndipo iyeyu anadzipereka kuphunzitsa atsikana ndi amayi.

Malo a Cape Maclear anali a malungo. Zitapita zaka zisanu, panali manda asanu a antchito a mishoni, ndipo munthu wobatizidwa anali mmodzi yekha, Albert Namalambe, amene anabatizidwa mu 1881. Munthu wowerengera phindu msangamsanga akadanena kuti ntchitoyo yalephera. Koma Namalambe anali mwana wa kasukulu kaja, ndipo anasanduka mphunzitsi. Pamene Azungu anasamuka, ndiye anatsala akuyang'anira malowo. Ine pomva zimenezi ndinakumbukira kuti ndinataya mtima ndi mlongo wanga atapita masiku atatu okha.

Ku Bandawe

Mu 1881 mishoni inasamukira ku Bandawe, pakati pa Atonga, a Laws ali mtsogoleri wake. Poyamba ana ena ankayesa kuti kukhala pansi ndi kutchula zilembo ndi ntchito yogwirira Mzungu, nafuna malipiro monga amalandirira anthu osenza katundu. Koma zinthu zinatembenuka. Anthu ataona kuti wodziwa kuwerenga amatumiza mawu kutali popanda mthenga, ndi kuti amapeza ntchito yabwino, midzi inayamba kupempha masukulu, ndipo pambuyo pake makolo anavomera kulipira kangachepe kuti ana awo aphunzire. Ntchito inafikanso kwa Angoni a Inkosi M'mbelwa, kumene William Koyi anakakhala ku Njuyu kuyambira 1882 kufikira imfa yake mu 1886.

Apa panabuka vuto. Masukulu anachuluka koposa aphunzitsi. Mnyamata amene wangotha buku lachiwiri ankatumidwa kukaphunzitsa buku loyamba m'mudzi wina, ndipo kawirikawiri iye ndi ana ake ankasiyana pang'ono pokha. Madzi sakwera kuposa kasupe wake. A Laws anaona kuti ngati aphunzitsi sadzaphunzitsidwa bwino, masukulu a m'midzi adzakhala malo oimbirako zilembo chabe, ana nadzatulukamo osatha kulemba kalata. Maganizo amenewa ndiwo anabala Khondowe.

Pa Khondowe

Mu 1894 a Laws anayendayenda m'mapiri a kuno pamodzi ndi Yuraia Chirwa, kufunafuna malo okwera, ozizira, okhala ndi madzi ndi mitengo. Anasankha Khondowe, m'dziko la Aphoka, pamalo otalika mamita pafupifupi 900 pamwamba pa nyanja. Sukulu imene anamanga anaitcha Overtoun Institution, potengera Lord Overtoun wa ku Scotland amene anapereka chuma chambiri. Kunkabwera anyamata ndi atsikana osankhidwa kuchokera m'masukulu onse a mishoni, Atonga, Angoni, Atumbuka, Ankhonde, ndi ena a kutsidya kwa malire. Ankaphunzira uphunzitsi, ubusa, za chipatala, ukalaliki, kutchaya lamya, kusindikiza mabuku, kumanga ndi ukalipentala. M'zaka zotsatira anakumba msewu wa Gorodi, anabweretsa madzi a m'mipope kuchokera kumapiri, ndipo mu 1905 anayatsa magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi.

Pa sukulu imeneyi panatuluka anthu omveka. David Kaunda anapita ku Chinsali kukaphunzitsa Abemba, ndipo mwana wake Kenneth anadzakhala mtsogoleri woyamba wa Zambia. Levi Mumba anali mmodzi wa oyambitsa North Nyasa Native Association mu 1912, nadzakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944. Clements Kadalie anayambitsa bungwe lalikulu la antchito akuda ku Cape Town mu 1919. Mayina amenewa timawaloweza. Koma kumbuyo kwa mayina ochepawa kunali khamu la aphunzitsi a m'midzi amene mayina awo sanalembedwe m'buku lililonse la History, ndipo mmodzi wa iwo anali bambo a agogo anga. Amenewa ndiwo anasenza masukulu mazanamazana a mishoniyo, monga momwe anthu aja anasenzera zidutswa za Ilala.

Tsiku limodzi m'sukulu ya m'mudzi

Agogo anandifotokozera m'mene bambo awo ankachitira, monga iwo anaonera ali mwana. Nyumba ya sukulu inali ya mitengo ndi dothi, yofolera udzu, yomangidwa ndi eni mudzi, ndipo Lamulungu yomweyo inali tchalitchi. Belu linali chitsulo chopachika pamtengo. Chikalira, ana ankaima pamzere, mphunzitsi nayang'ana manja, zikhadabo, maso ndi mitu. Wosasamba ankabwezedwa kumtsinje. Polowa aang'ono ankakhala kutsogolo, akulu kumbuyo. Mphunzitsi akalowa onse ankaimirira ndi kupereka moni. Wofuna kulankhula ankakweza dzanja, ndipo wina akamayankha enawo ankakhala chete. Sileti ankalandira ndi manja awiri. Lamulo limene agogo analikumbukira koposa linali lakuti kuseka mnzako amene walakwa kunali mlandu waukulu kuposa kulakwako.

Poyamba ndinkayesa kuti miyambo yotere inali yongoopsezera ana. Koma nditaganiza bwino ndaona kuti inali ndi ntchito yake. M'nyumba imodzi munali ana ambiri, mphunzitsi mmodzi, bolodi imodzi, ndi mabuku owerengeka. Popanda kudikirana, mwana wamanyazi sakanamveka konse. Popanda kusamala zipangizo, sileti imodzi sikanafikira ana atatu. Ndipo mwana amene asekedwa lero, mawa sakwezanso dzanja. Akaleka kukweza dzanja waleka kuphunzira. Ulemu wa m'kalasi tsono ndiwo mpanda umene umatchinjiriza mwana wofooka. Ndiponso sunali chinthu chachilendo, pakuti kulandira ndi manja awiri ndi kusadula mawu mkulu ndi mwambo wa makolo athu. Sukulu inangoulowetsa m'nyumba.

Kuwerenga ankayamba ndi a, e, i, o, u, kenaka maphatikizo monga ba, be, bi, bo, bu, kenaka mawu, ndipo zonsezi m'chinenero cha mwanayo. Chingerezi chinkadza pambuyo, mwana atayamba kale kuwerenga chakwawo. Aang'ono ankalemba ndi chala pamchenga panja, kumene kulakwa kumafufutika ndi chikhatho popanda kusiya chipsera. Masamu ankayamba ndi njere za chimanga, miyala ndi timitengo. Timitengo khumi ankatimanga ndi luzi kukhala kamtolo kamodzi, kotero kuti mwana ankaona ndi maso ake kuti 17 ndi mtolo umodzi ndi timitengo 7. Atatha izi ankalowa masamu a ndalama za masiku amenewo, amene anali ovuta koposa athu, pakuti makobiri 12 ndiwo ankapanga shilingi, ndi mashilingi 20 ndiwo paundi. Ife kuyambira 1971 tili ndi kwacha ya matambala 100, yosavuta kuwerengera, komabe timadandaula.

Kodi zonsezi zinali ndi phindu lanji kwa munthu wa m'mudzi? Zinali ndi phindu tsiku ndi tsiku. Amuna ambiri a kuno ankapita kukagwira ntchito ku Salisbury, ku Johannesburg ndi kumigodi ya mkuwa, ndipo mayi wodziwa kuwerenga ankamva yekha mawu a mwamuna wake, osapereka zinsinsi za banja m'manja mwa munthu wina. Wodziwa masamu ankadziwa ngati kalaliki wa msonkho walemba zoona pa chiphaso, ngati wa sitolo wayesa nsalu mokwanira, ndi ngati chenji chabwera chonse. Lero zinthu zasintha maonekedwe okha. Mlimi wa fodya ku Bolero kapena wa khofi ku Phoka ayenera kuwerenga sikelo, ndipo mayi wolandira ndalama pafoni ayenera kuwerenga uthenga ndi manambala ake. Wosadziwa amadyeredwa masuku pamutu monga kale.

Zofooka zawo

Sindifuna kulemba ngati kuti a Laws anali mngelo, pakuti mbiri yobisa zolakwa siphunzitsa kanthu. Anali munthu wa mawu ochepa, wolimba pa malamulo, wofuna kuti zonse zidzere m'manja mwawo, ndipo ambiri ankawaopa koposa kuwakonda. Mishoni inatenga dziko lalikulu pa Khondowe, dziko limene Aphoka anali kukhalamo kale. Ndiponso, ngakhale ankaphunzitsa anthu akuda maphunziro apamwamba, mishoni inachedwa kuwapatsa udindo. Abusa oyamba akuda, Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, anadzozedwa mu 1914, patapita zaka 39 chifikire Ilala. Charles Domingo, amene anakulira m'nyumba ya a Laws, naphunzira za ubusa mwa oyamba, naphunzitsa pa Khondowe pomwepo, anadikira kudzozedwa zaka zambiri kufikira anatopa nachoka. Pamenepa ndiona kuti mphunzitsi akhoza kuleza mtima pophunzitsa mwana zilembo, koma nalephera kuvomera kuti mwanayo wakula.

Panalinso mkangano pakati pa amishoni okhaokha. Ena, monga Donald Fraser wa ku Loudon, ankaona kuti chuma chambiri chikuthera pa phiri limodzi ndi pa ophunzira ochepa, pamene midzi ili ndi njala ya zinthu zazing'ono. A Laws ankayankha ndi ntchito zawo kuti popanda sukulu yapamwamba sipadzakhala aphunzitsi abwino a m'midzi, ndipo ankalota za koleji yaikulu pa Khondowe. Ine sindingathe kuweruza akuluakulu otere, koma ndiyesa kuti onse awiri anagwira mbali ya choonadi. Denga lopanda maziko limagwa, ndipo maziko opanda denga sagonamo munthu.

Masiku otsiriza

A Laws analandira ulemu wambiri. Mu 1908 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa msonkhano waukulu wa mpingo wawo ku Scotland. Kuyambira 1912 anakhala zaka zingapo m'bwalo lopanga malamulo la Nyasaland, ndipo mu 1924, pamene mpingo wa CCAP unakhazikitsidwa pa Livingstonia, ndiwo anali mtsogoleri wake woyamba. Koma anaonanso zowawa. Mwa ana onse amene anabadwa m'banja lawo, mmodzi yekha ndiye anakula, Amelia Nyasa, wobadwa mu 1886, ndipo mayi Laws anamwalira mu 1921. Mu 1927, atakhala kuno zaka 52, anabwerera kwawo ali nkhalamba. Anamwalira ku London pa 6 Ogasiti 1934 ali ndi zaka 83, naikidwa kwawo ku Aberdeen. Koleji imene ankailota sanaione, pakuti owalowa m'malo anaisiya. Yunivesite ya Livingstonia inatsegulidwa mu 2003, patapita zaka 69 iwo atamwalira.

Chimene ndinapeza

Pa tchuthi cha Pasaka ndinabwerera kumudzi ndi mtima wina. Choyamba ndinapepesa mlongo wanga, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo kwa mwana wamng'ono, ndipo rula ndinaisiya m'sutikesi. Ndinazindikiranso kuti ndinkamufotokozera m'Chingerezi ndi m'Chichewa cha m'mabuku, pamene iye amaganiza m'Chitumbuka chimene timalankhula pakhomo. Kotero ndinayamba kumufotokozera m'Chitumbuka, ndipo akamva ndiye tinkapita ku mawu a m'buku. Tinathyola timitengo, tinapempha luzi kwa agogo, ndi kumanga timitolo. Ndinamupatsa mtolo umodzi ndi timitengo 7, ndi kumuwonjezera timitengo 5. Anawerenga tosamangato napeza 12, nayang'ana luzi, namanga yekha mtolo wachiwiri, natsala ndi tiwiri m'manja. Pamchenga analemba 22. Anandiyang'ana mwamantha kuti aone ngati ndikalipa, ndipo ataona kuti ndikuseka ndi chimwemwe, anathamanga kukaitana agogo.

Sindinganame kuti tsopano amawerenga bwino. Mpaka lero b ndi d zimamuzunguza, ndipo mwina padzapita miyezi. Koma sabisalanso akaona buku, ndipo masiku otsiriza a tchuthi ankabwera ndi anzake awiri. Tinapangana malamulo athu atatu: kusamba m'manja tisanagwire buku, kulankhula mmodzimmodzi, ndi kusaseka wolakwa. Lamulo lachitatulo linali lomanga ine koposa iwo.

Tsono ndiyesa kuti chinthu chija agogo ankanena ndachipeza, ngakhale pang'ono. Chimene aphunzitsi akale ankakatenga ku Khondowe sichinali nzeru za m'mabuku zokha, koma kudziwa kutsikira pamene pali mwana, kuyamba ndi chimene iye akudziwa, ndi kubwereza mawa chimene chakanika lero. A Laws eni ake anaphunzira zimenezi ku Cape Maclear, pamene anakhala zaka zisanu naona wobatizidwa mmodzi, koma osapasula sukulu.

Anzanga, kuyambira 1994, pamene sukulu za pulaimale zinakhala zaulere, ana anachuluka kwambiri m'makalasi oyamba, ndipo m'masukulu ambiri mphunzitsi mmodzi sangathe kufikira mwana aliyense. Ife amene tili ndi mwayi wogonera pano, kudya katatu ndi kuwerenga pa magetsi, tonse tinadzera m'manja mwa munthu wina amene anatigwira chala polemba a woyamba. Ambiri a ife dzina lake taliiwala. Pakhomo pa aliyense wa ife pali mng'ono, mlongo kapena mwana wa mnansi amene akulimbana ndi zilembo ndi manambala. Akulu anati m'mera mpoyamba. Tchuthi chikudzachi tisathere masiku onse pa bawo ndi pa mpira. Tipatule ola limodzi patsiku, tithyole timitengo, tikhale nawo pansi anawo. Ndipo tikadzapitanso ku Khondowe kukaona nyumba za miyala, tizikakumbukiranso tinyumba ta udzu tija timene tinagwa kalekale, pakuti ndi m'menemo makolo athu anayambira kuwerenga.

Mnyamata wa Fomu 3